Kanyumba pa Pikapu ya Bambo

Amayi atauzidwa kuti akagonekedwe kuchipatala ku Nkhoma, bambo anakana zotsala pakhomo. Mu wodi ya azimayi mwamuna sagonamo, choncho wodikirira matenda ndinali ine, mwana wawo wamkazi. Koma bambo anati akakhala pafupi basi. Anakhoma kanyumba ka matabwa ndi malata kumbuyo kwa pikapu yawo yakale, ija inkanyamula mabelo a fodya, n'kuikamo matiresi.

Kanyumbako katakwera, galimoto inakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira. Masipulingi anali atatopa kalekale. Tinapita nayo kwa makaniko pa Mitundu, amene anasolola zitsulo za masipulingi pa lole yakufa n'kuyamba kuwonjezera.

"Apa zakwana, achikulire," anatero makaniko.

"Onjezani. Ndikanyamula mkazi wangatu ine, osati fodya."

Bambo anali munthu wosamva za mnzake, khalidwe lomwe inenso ndinatengera. Makaniko anawonjezera. Pikapu inadzuka, kumbuyo kuli m'mwamba, bambo n'kumaizungulira monyadira.

Tsiku la ulendo tinawagoneka amayi m'kanyumbamo, ine pambali pawo. Tisanatalikire n'komwe pa msewu wafumbi wotulukira pa Nathenje, ndinamenya bodi kuti bambo aime. Masipulingi aja anali ouma gwa. Ankafuna katundu wolemera kuti afewe, pomwe amayi anali atatheratu, opepuka moti ndinkawanyamula ndekha. Bampu iliyonse inkawaponya m'mwamba. Sankadandaula, ankangoluma chitenje.

Bambo anasuzumira m'kanyumbamo. Ndinali ndisanawaonepo atachita manyazi chotero, ndipo anandimvetsa chisoni kuposa wodwalayo. Tinabwerera kunyumba pang'onopang'ono. Anasenza okha matumba a chimanga, n'kuwasanja mbali zonse za matiresi. Galimoto inafewa.

"Mwandipezera anzanga ocheza nawo," anatero amayi akusisita thumba.

Ku Nkhoma bambo ankagona m'kanyumba kawo kunja kwa mpanda, pakati pa matumbawo. Anthu odikirira matenda ankabwera kudzapempha kuti awagulitseko chimanga, iwo n'kumapukusa mutu.

"Ichi sichogulitsa. N'chobwerera nacho mayi kunyumba, msewu wathu ndi woipa."

Chinabwereradi nawo. Bokosi la amayi linakwana bwinobwino pakati pa matumba, ndipo galimoto inayenda mofewa mpaka pakhomo. Chimangacho tinakagayitsa, ndi chomwe anthu anadya pamaliro.