Chaka chimene ndinkalemba za akufa

Chaka chotsatira chisankho choyamba cha zipani zambiri ndinali pakhomo pa makolo anga, kufupi ndi Mayani. Satifiketi ya Fomu 4 inali m'sutikesi, ntchito kunalibe. Abambo anali atapuma pa uphunzitsi, ankalima mbatatesi ndi nsawawa kudimba, Lamulungu n'kumawerenga mawu kutchalitchi. Tinabadwa awiri basi, tonse akazi. Akulu anga ankaphunzitsa pa sukulu ina ku Lilongwe, ndipo abambo ankawatchula kwa mlendo aliyense asanakhale n'komwe pansi.

Abambo omwewo ndiwo anamva kuti kwabwera anthu a kafukufuku ochokera ku yunivesite, akufuna achinyamata odziwa kulemba Chingerezi. Anandiuza kuti ndipite ndikayese. A kafukufukuwo anatitenga asanu ndi mmodzi.

Anatiphunzitsa sabata imodzi mu holo ya pamishoni. Wotsogolera anali dokotala wamkazi, wamfupi, amene ankavala majuzi awiri chifukwa chisanu cha kwathu sanachizolowere. Panalinso bambo wina wa mbiri yakale, amene ntchito yake inali kucheza ndi nkhalamba za miliri ya makedzana. Adokotala anatiuza kuti anthu ambiri akufera kunyumba, ndipo palibe amene amalemba chimene chawapha. Chipatala chimangodziwa okhawo amene afera pabedi pake. Ife tinayenera kuyenda khomo ndi khomo m'midzi imene anasankha, kufunsa ngati pafa munthu m'zaka ziwiri zapitazo, ndipo ngati wafa, kukhala pansi ndi amene ankamudwazika.

Fomu yake inali ya masamba anayi. Anadwala nthawi yaitali bwanji? Ankatsokomola? Ankatsegula m'mimba kopitirira mwezi? Anawonda? Anatuluka zilonda m'kamwa? Anadwalapo mashingozi? Kumapeto kunali mafunso ena: anaphunzira mpaka pati, ankagwira ntchito yanji, anakhalapo m'tauni, mwamuna kapena mkazi wake ali moyo?

Tinayamba mu Juni, m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango ya Chongoni. Galimoto inkatisiya pamene msewu wathera, kwinako n'kumayenda pansi m'nkhungu, mame akunyowetsa chitenje mpaka m'mawondo. Anthu ankatifunsa kaye kuti ndife a chipani chiti. Ena ankaganiza kuti tikulemba mayina a olandira chimanga, ndipo akamva kuti tikufunsa za maliro nkhope zinkagwa.

Munthu woyamba amene ndinamufunsa ndekha anali mayi wamasiye, wamsinkhu wosaposa wanga kwenikweni. Mwamuna wake ankacheka matabwa a paini kuphiri. Anandiyalira mkeka padzuwa, mwana ali kubere, n'kumayankha funso lililonse mosabisa. Inde ankatsokomola. Inde anawonda mpaka lamba anasowa poboola. Nditafunsa kuti iye akuganiza kuti chinali chiyani, anati apongozi ake amati kanyera. Ndinalemba momwemo.

Ndikupinda fomu anandigwira dzanja.

"Tsono poti mwalemba zonse, mundiuze. Bamboyu anafa ndi chiyani?"

"Ine sindine dokotala, mayi. Ndangotumidwa."

"Nanga adokotalawo adzabwera kudzandiuza?"

Ndinati mwina. Ndinkadziwa kuti sadzabwera. Mayiyo anatsokomola, n'kumusinthira mwana kubere linalo.

Masana aliwonse tikabwerako, adokotala ankawerenga mafomu athu ndi cholembera chofiira, n'kumaika kachilembo pakona. Ndinaona kuti chilembo chimodzi chikubwera kawirikawiri, ndipo tsiku lina ndinawafunsa. Anandiyang'ana kaye, kenako anayala mafomu atatu patebulo. Anandionetsa kuti kuwonda, kutsegula m'mimba kosatha, zilonda za m'kamwa ndi mashingozi zikakumana mwa munthu wosakalamba, makamaka amene mnzake wa m'banja anatsogola kale, iwo amalemba kuti ndi Edzi.

"Si umboni wa magazi," anatero, "koma sitiphonya kawirikawiri. Ndipo iwe usakauze munthu. Si ntchito yako."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkadziwa yankho fomu isanathe. Munthu akamafotokoza za mwana wake, ine ndinkakhala nditaona kale chilembo chija. Mawu akuti Edzi sankatuluka pakamwa pa wina aliyense. Ankati kanyera, tsempho, chifuwa, kapena matenda omwewa.

Mu Ogasiti akulu anga anabwera kutchuthi. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo tonse tinkati chinali chifuwa chachikulu poti ndi zimene zinalembedwa pa kadi ya kuchipatala. Ana analibe. Atatsika basi ndinaona kuti diresi yawakulira, koma amayi anati ndi maganizo a umasiye. Tsiku lachitatu akulu angawo anandiitana kubafa kuti ndiwatsuke kumsana, poti mkono unkawawawa. Pamenepo ndinaona chipsera chakuda, choyambira pamsana n'kuzungulira mpaka pansi pa bere, ngati wina anawakulunga ndi chingwe chamoto.

"Ichi n'chiyani, achemwali?"

"Mashingozi. Anapola kale."

Ndinapitiriza kuwatsuka. Madzi anazizira ndili chigwirire sopo.

Sukulu zitatsegulidwa sanabwerere ku Lilongwe. Anayamba kutsegula m'mimba. Abambo anawatengera ku chipatala cha mishoni, anawapatsa mankhwala, anapeza bwino masabata awiri, n'kuyambiranso. Azakhali anabwera n'kunena kuti ndi tsempho, kuti mwambo wa maliro a amuna awo sunayende bwino, tipite kwa sing'anga. Abambo anakana. Anati pakhomo pawo ndi pa anthu ophunzira, mwana wawo achira ndi mankhwala a kuchipatala.

Ine ndinkapitabe kuntchito. M'mawa ndinkafunsa anthu achilendo ngati m'bale wawo anali ndi zilonda m'kamwa, madzulo n'kumapukuta zilonda za m'kamwa mwa akulu anga ndi kansalu koviika m'madzi a mchere.

Tsiku lina masana ndinawapeza atakhala pampando kuseri kwa nyumba, akuwothera dzuwa atafunda bulangete. Ndinakhala pansi pambali pawo n'kumasenda nsawawa.

"Fomu yako ija," anatero, "ikuti chiyani za ine?"

"Imeneyo ndi ya anthu akufa, achemwali."

"Usandizembe. Ndine mphunzitsi, ndimawerenga. Ndinayezetsa alamu ako asanamwalire."

Ndinalira. Iwo sanalire. Anadikira kuti ndimalize, kenako anati, "Abambo usawauze. Amayi akudziwa, ngakhale sanena. Koma abambo ayi."

Akulu anga anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Bokosi analikhoma ndi matabwa a paini osauma bwino, ndipo linkanunkha utomoni m'nyumba monse. Kumanda munthu woyankhula m'malo mwa banja anati anadwala nthawi yaitali. Aphunzitsi anzawo anabwera pa lole, anaimba nyimbo ziwiri, n'kubwerera tsiku lomwelo poti kunali maliro ena a mnzawo ku Lilongwe.

Patapita miyezi iwiri mudzi wathu unafika pa mndandanda. Ndinauza adokotala kuti pakhomo pathu pali imfa. Anati khomo lililonse liyenera kulembedwa, koma atumiza mnzanga wina, ndipo ngati makolo anga sakufuna ali ndi ufulu wokana. Ndinkayembekeza kuti akana. Amayi anakanadi, anatenga khasu n'kupita kudimba. Abambo anati ayankha okha.

Anavala jekete ndi tayi. Anatulutsa mipando iwiri pakhonde. Mnzangayo, mtsikana wa ku Linthipe, ankafunsa m'Chichewa, iwo n'kumayankha m'Chingerezi, pang'onopang'ono, ngati akulembetsa ana m'kalasi. Ine ndinali m'nyumba, kuseri kwa chitseko, ndikumva zonse. Sanabise kanthu. Anatchula mwezi umene kutsegula m'mimba kunayamba. Anatchula zilonda. Za mashingozi anati sakudziwa, ndipo anandiitana. Ndinatuluka, ndinati inde, n'kubwereranso m'nyumba. Atafunsidwa kuti malemu anaphunzira mpaka pati, mawu awo anakwera. Anatchula sekondale, anatchula koleji, anatchula ndi maphunziro amene anakhoza bwino, zimene fomu sinafunse.

Ntchito inatha chaka chomwecho. Tinapereka mafomu otsiriza, galimoto inapita, ine ndinabwerera kudimba.

Panapita chaka ndi miyezi ingapo tisanamve kanthu. Kenako kunabwera uthenga kuti a kafukufuku abwera kudzanena zimene anapeza, mu holo yomwe ija. Abambo anati tipite limodzi. Munadzaza anthu: aphunzitsi, anamwino, akuluakulu a mipingo, alimi ena a kumidzi imene tinayendamo. Mayi wamasiye wa ku Chongoni uja sindinamuone. Sindinafunse za iye.

Anayamba ndi bambo wa mbiri yakale. Anati nkhalamba zinamuuza za nthomba ndi za njala, ndipo zonse zinkagwirizana pa chinthu chimodzi: miliri yakale inkayamba ndi ana, okalamba ndi osauka. Uwu wa lero ukutenga apakati, amene amayenera kuika maliro a enawo. Anthu anang'ung'udza movomereza, poti zimenezo aliyense ankaziona.

Kenako anaimirira adokotala. Anapachika pepala lalikulu pabolodi. Anatchula dzina la matendawa poyera, m'holo ya mishoni, ndipo amayi ena anaweramitsa mitu. Anati imfa zambiri za akuluakulu zimene tinalemba zinali ndi zizindikiro zake. Anati akazi ambiri amene anafa sanali oyendayenda monga anthu amanenera, anali apabanja, ndipo ambiri anatsatira amuna awo. Ndiyeno ananena chimene sindinayembekezere, ngakhale ndinalemba nawo mafomuwo. Anati imfa zotere zinachuluka pakati pa anthu amene anapita patali ndi sukulu, a ntchito za malipiro, okhala m'mphepete mwa msewu kapena amene anakhalapo m'tauni, kuposa pakati pa alimi a kumidzi ya kutali.

Ambiri amene anakhala kutsogolo anali anthu a mtundu womwewo.

Abambo anakweza dzanja. Anaimirira, anakonza jekete, ndipo ulendo uno anayankhula m'Chichewa.

"Adokotala, ine ndinaphunzitsa zaka zambiri m'boma lino. Ndinkayenda m'midzi kukangana ndi makolo kuti atumize atsikana kusukulu. Wanga ndinamutumiza. Ali m'mapepala anuwo. Tsono ndifunse: ndikanamusiya pakhomo kuti azilima, bwenzi lero ali moyo?"

Pamenepo ndinadziwa kuti ankadziwa. Sindikudziwa kuti anadziwa liti, kaya pa tsiku la fomu lija, kaya kale.

Adokotala anavula magalasi. Anati, "Bambo, kafukufuku sanganene za munthu mmodzi. Amangoonetsa kumene matenda afika msanga. Anayamba kumene kuli misewu ndi ndalama, koma akupita kumidzi, ndipo kumeneko adzapweteka koposa. Sukulu sipha munthu."

"Sindinafunse za sukulu," anatero abambo. "Ndafunsa za mwana wanga."

"Sindingadziwe, bambo. Pepani."

Abambo anagwedeza mutu, anathokoza, n'kukhala pansi. Msonkhano unapitirira. Wina anafunsa ngati kubwera mankhwala, adokotala anati pakali pano palibe. Anatisiyira mabuku atatu a lipoti, a m'Chingerezi, kuti azikhala ku ofesi ya mishoni.

Pobwerera, abambo anaima pa Mayani n'kugula mchere umene amayi anawatuma, basi.

Kuyambira pamenepo abambo anasintha m'njira imene poyamba sindinaizindikire. Anasiya kundifunsa za makalata ofunsira malo ku koleji, chonsecho kale ankandikumbutsa sabata iliyonse. Anayamba kunena kuti dimba likufuna munthu wamphamvu, kuti mbatatesi zili ndi phindu kuposa choko. Mnyamata wina wa m'mudzi, mlimi wa kabichi, atatumiza amalume ake kudzafunsira mbeta, abambo anawalandira bwino kwambiri, anthu amene kale sakanawapatsa n'komwe mpando. Ine ndinakana, ndipo sanandikakamize.

Tsiku lina amayi akuchapa anandiitana kumadzi. Anatulutsa envulopu m'chitenje. Inali kalata yondiitana ku koleji ya aphunzitsi. Anaipeza m'thumba la jekete ya abambo, yotsegula kale, yopindika m'makona chifukwa chokhalitsa. Tsiku loyamba sukulu linali litatsala masiku asanu ndi anayi.

Ndinapita nayo kudimba kumene ankathirira. Ndinaima pamzere n'kuwaonetsa. Anaiyang'ana, anatsitsa kheni pansi.

"Ndimati ndikupatsa," anatero.

"Liti, bambo?"

Anati, "Ndatsala ndi iwe wekha."

Ndinawauza kuti ndikudziwa zambiri za matendawa kuposa munthu aliyense m'mudzi muno, kuti ndidzisamala. Anati akulu anganso ankadziwa. Anatola kheni n'kupita kukatunga madzi ena.

Ndinapita ku koleji. Amayi anagulitsa matumba awiri a mbatatesi n'kundigulira bulangete ndi ndowa. Tsiku lonyamuka abambo anadzuka m'mamawa, anandipempherera pakhomo, pemphero lalifupi, koma ku siteji sanandiperekeze. Anati mwendo ukuwawawa. Amayi ndiwo anasenza sutikesi mpaka kumsewu, ndipo tinadikira basi pafupifupi maola atatu, mphepo ikuwomba kuchokera kuphiri.