Makina a Akufa M'nyumba ya Eneless

Eneless anabadwira pa famu ya fodya ku Banket. Makolo ake anachoka ku Dedza wapansi, n'kufera konkuno osabwererako. Atakwatiwa ndi a Kefasi, amene ankagwira ntchito ku fakitale ya mabulangete ku Harare, anapeza nyumba ku Zengeza, zipinda ziwiri zawo, chachitatu cha maloja, anthu ochita lendi. Iyeyo ankaluka madoilo, tinsalu tokongoletsa patebulo, n'kumagulitsa pokwerera basi. Manja anali nawo mayi uja, tisanamizane.

Koma mwana wake yekhayo, Marjory, manjawo sanatengere. Kuwerenga ankawerenga ngati madzi, ngakhale nyuzipepala yokulungira tomato sinkamudutsa. Mupatseni pensulo muone. Dzanja linkauma gwa, thukuta kamukamu, zilembo n'kumakwerana ngati papalasa nkhuku. Aphunzitsi ankamumenya ndi rula pa zala, ngati kuti zala zimaphunzira ndi rula. Eneless anapita naye ku chipatala, anapita naye ku mapemphero, mpaka anakamutemetsa mphini pamkono mobisa. Sizinathandize.

Mu 1988, mwanayo ali giredi sikisi, ahedi anaitanitsa mayi ake.

"Mayi, m'mabuku a mwana wanu mulibe choti tichonge," anatero ahediwo. "Temu ino ikatha zili chonchi, malo ake tipatsa wina."

A Kefasi atamva sanachedwe kugamula. Anati mwanayo apite ku famu kwa azakhali ake akamange fodya. Mwana wa Mshona akalephera sukulu amapita kumudzi kukalima munda wa makolo ake, koma wa ife obwera alibe munda, alibe mudzi. Eneless ankaidziwa famu. Ankadziwa kuti kumeneko mtsikana amakwatiwa asanadziwe n'komwe kumanga chitenje, ndipo mantha anamugwira mpaka chakudya chinasiya kulowa.

Tsono chilipo chinthu chimodzi chimene munthu wopanda kwawo amachigwira ndi manja awiri: sosaite ya maliro. Ukafa usanalowemo umaikidwa m'manda ndi akaidi, popanda nyimbo, popanda wokulira. Eneless analowamo chikwatiwireni, ndipo sanaphonyepo kusonkha. Chaka chomwecho cha 1988 sosaite inagula makina olembera amagetsi, oti azilembera mauthenga a maliro opita ku mafamu, ku migodi ndi ku Malawi. Anali ndi kawindo kosonyeza mawu asanafike papepala, moti ukalakwitsa umangofufuta. Ankasunganso mawu m'kati mwake. Mlembi wa sosaite, a Sailesi, kwawo kunalibe magetsi, choncho makinawo ankakhala kwa Eneless, pamwamba pa wodilopu. Lamulo linali limodzi: pamakinapo pamalembedwa maina a akufa okha, ndipo mwana asakhudze.

Masana ena Eneless akuchokera kogulitsa anamva kugogoda m'chipinda. Anapeza Marjory atatsitsa makina aja, akudina ndi zala ziwiri. Pamwamba pa pepala panali dzina lake lomwe. Mbama ya Eneless inatuluka yokha.

"Ukudziitanira imfa iwe?"

Mwanayo anayankha m'Chishona, monga amachitira ana a kuno. "Amai, verengai chete." Ankangopempha kuti awerenge basi.

Eneless anawerenga pang'onopang'ono, poti sukulu analekeza panjira. Inali homuweki, nkhani ya ulendo wa pabasi kuchoka ku Zengeza kukafika ku Harare, tsamba lonse lathunthu, chilembo chilichonse chitaima pamalo pake. Zaka zonsezi mawu anali m'mutu mwa mwana, akusowa potulukira. Eneless anakhala pansi n'kulira ngati wafedwa.

M'mawa mwake anapita ndi pepalalo kwa ahedi. Iwo anakana, ati walemba ndi munthu wamkulu. Eneless sanatsutse. Anabwerera kunyumba, anakulunga makinawo m'bulangete, anasenza pamutu, n'kukawatula patebulo la ahedi. Marjory analemba iwo akuona. Ahedi anakanda m'mutu. Anati ntchito yolembedwa pamakina azilandira ndipo malo samulanda, koma za mayeso a boma a chaka chamawa sangalonjeze kanthu. Eneless anavomera. Womira m'madzi sasankha chogwira.

Zinayenda mobisa kwa milungu ingapo, mpaka mkulu wina wa m'sosaite anamwalira. A Sailesi anabwera kudzalemba uthenga, pamodzi ndi atcheya ndi achibale a malemu. Analemba mawu oyamba aja akuti tikudziwitsa za imfa ya, kenako chala chinaphonya n'kudina batani lotulutsa zosungidwa. Makina alibe manyazi. Anangolemba okha, aliyense akuona: Marjory Banda, Giredi 6.

Mayi wina anagwira pakamwa n'kutuluka chammbuyo.

Maliro atatha, sosaite inakhala pansi pa mtengo wa mabulosi kwa atcheya. Mlandu sunatalike. Anati makinawo asakaniza amoyo ndi akufa, ndi malodza amenewo, choncho akagulitsidwe m'tauni, agule ena azikasungidwa kwina. Wina anapita kukabwereka wilibala yoti akawatengere tsiku lomwelo.

Eneless anagwada pafumbi. Anapepesa, anapempha kuti amusiyire mpaka temu ithe, anatchula famu, anatchula dzanja la mwana. Amayi anzake amene ankaphika nawo pa maliro ankangoyang'ana zikhadabo zawo. Pamenepo anaona kuti kulira sikugula kanthu, ndipo chogulira anali nacho chimodzi chokha.

"Atcheya, zimene ndasonkha chilowereni mutenge," anatero. "Bokosi langa, basi ya operekeza, nyimbo, zonse. Mundichotse m'sosaite. Makinawo mundisiyire."

"Mayi a Marjory, mwapenga?" ananong'ona a Kefasi, akumukoka mkono. Iye sanacheuke.

A Sailesi anavula magalasi. "Mayi, mukudziwa chimene mukunena? Wotuluka sabwereranso. Mudzaikidwa ndi akaidi ngati galu wopanda mwini."

"Ndikudziwa, bambo."

Akuluakulu anakambirana pambali kanthawi, kenako atcheya anagwedeza mutu kuti zatheka. Eneless anamasula duku ya sosaite, anaipinda bwinobwino, n'kuisiya pampando. Anayenda yekha kubwerera kunyumba, mutu uli pamtunda. Ankaopa, ndipo sanadzinamize kuti sakuopa.

Nkhani ku Zengeza imathamanga kuposa munthu. Anapeza Marjory atamva kale kwa maloja, ataima pakhomo maso ali ofiira.

"Amayi, nanga mukadzamwalira adzakuikani ndani?"

Eneless anatsitsa makina pa wodilopu, anawaika patebulo, n'kulumikiza chingwe ku magetsi.

"Iweyo," anatero. "Ndilibenso wina. Khala apa ulembe."