Mbale ya Galamafoni ya Amalume

Dzulo pamsika wa Ndirande ndinatola chikuto cha mbale ya galamafoni, chonunkha fumbi ndi mphemvu. Fungo lomweli linkadzaza m'chipinda cha amalume anga ku Bangwe ndili mwana.

Amalumewo anakaphunzira mbiri ya nyimbo za azungu ku Amerika, koma atabwerako anangopeza ntchito ya ukalaliki basi. Loweruka lina masana anaika mbale ya mavayolini okhaokha, yopanda woimba, n'kukweza voliyumu. Ine ndinakhala pansi ndikuyang'ana singano ikuyenda.

Posakhalitsa mayi wa nyumba yoyandikana nafe anatulukira ali wefuwefu, atamanga kale chitenje chopitira kumaliro. Masiku amenewo wailesi inkaika nyimbo zotere pokhapokha munthu wamkulu akamwalira.

"Achimwene, wamwalira ndani? Ngati palibe, zimitsani, mukutiopsezera ana!"

Amalume sanakwiye. Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya.

"Kujaku nyimbo iyi ndinkaimvera nditaima panja pa holo, chifukwa anthu akuda sankatilola kulowa," anatero chapansipansi. "Ndinkati kwathu ndidzaimvera nditakhala."

Anatukula singano. Mbale ija inapitiriza kuzungulira ili duu, iwo akungoiyang'ana.