Anamanga Wotcheza, Anasiya Wodwala

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale malemu mkazi wanga amene ndinakalamba naye. Ndikuilemba tsopano chifukwa thupi lafooka koma mkwiyo wake ukukana kufooka nalo.

Tinkakhala m'mbali mwa Rivirivi, kumene mchenga wa m'chilimwe umawotcha mapazi mpaka mwana kumayenda modumpha. Inali nthawi ya azungu, nkhondo yaikulu itangotha. Abambo anga, a Andireya, anabwerako kunkhondoko ndi jekete la khaki, nsapato zolemera ndi ludzu losatha. Asanapite ankaimba kwaya kutchalitchi. Atabwera ankaimbira agalu m'njira.

Amayi ankatcheza kachasu, ndipo sindichita nazo manyazi. Msonkho unkafunika, mwamuna sakulima thonje, ndiye akanatani? Ankaviika madeya ndi masau mumtsuko, zikawira n'kupita nazo m'bango, kumene anabisa mpope wa mfuti yakale. Ine ndinkatunga madzi oziziritsira mpopewo, fungo lowawasa likundikanda m'mphuno. Ankagulitsa kwa asodzi ochokera ku Shire, koma kwa amuna awo ankabisa. Ankakwirira mabotolo m'phulusa, m'khola, ngakhale pansi pa nkhuku yofungatira mazira. Abambo ankawapezabe. Nkhuku ija inawajompha m'manja koma sanabwerere.

Tsiku lina masana, ataledzera, anatsamira nkhokwe ya oyandikana nafe, ndudu ili kukamwa, n'kugona. Nkhokwe itagwira moto ndinawakoka miyendo jekete likufuka utsi. Chimanga cha eni ake chinapsa chonse, mudzi n'kununkha ngati akukazinga. Mwini nkhokwe anakana zokambirana pamudzi, poti aka sikanali koyamba kumulakwira. Anakasuma ku Boma.

Chodabwitsa n'chakuti amayi anapeza mpumulo. Anali atayesa ankhoswe, atayesa wansembe, atayesa mizu yosanzitsa. Anamva kuti Boma limasunga kuchipatala asilikali amene mitu inasokonekera kunkhondo, ndipo anakhulupirira kuti khoti likaona amuna awo liwatumiza kumeneko. M'njira yonse yopita ku Boma, mlongo wanga Rozina ali kumsana, amayi ankabwereza mawu oti akanene. Sankafuna kuti abambo akhululukidwe. Ankafuna kuti achire.

Kwathu mwana saimikidwa pabwalo kuti anene za makolo ake. Ngakhale waona zonse, akulu amamutuma kukatunga madzi mpaka mlandu uthe. Ku Boma kunalibe zimenezo. Chipinda chinkanunkha laimu ndi thukuta. Mzungu woweruza anakhala pamwamba akuingitsa ntchentche, pambali pake pali womasulira wovala tayi. Amayi anagwada n'kulankhula bwino lomwe: kuti munthuyu manja amanjenjemera m'mawa, amaona njoka padenga, amakuwa mayina a anzake amene anafera kunkhondo. Anati, "Musungeni kumene kulibe mowa mpaka mutu ubwerere. Chimanga ndibweza ine ndi khasu langa."

Womasulira anatembenukira kwa mzungu n'kunena timawu tochepa ngati akutsokomola. Mzungu sanadzutse mutu.

Kenako anaitana ine, poti ndine ndinaona moto. Anandiimika pabokosi kuti ndioneke, n'kuika dzanja langa pa Buku Loyera. Masiku amenewo ndinkaphunzira katekisimu, ndipo aphunzitsi anali atatifotokozera bwino za moto umene umadikira olumbira monama. Ndinanena za ndudu ndi nkhokwe. Ndinkayesa kuti ndamaliza.

"Iwe mnyamata," anatero womasulira, "bwana akufunsa, mowa umenewu bambo ako amautenga kuti? Usayang'ane mayi ako, yang'ana kuno. Walumbira."

Ndinati, "Amaba wa amayi."

Anthu anaseka. Abambo nawonso anaseka pang'ono, mwamanyazi. Apo m'pamene mzungu anadzutsa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba anayang'ana amayi.

Mlandu wa moto unatha mofulumira. Abambo anawalamula zikoti ndi kubweza chimanga, n'kuwamasula poti anamenyera nkhondo mfumu ya azungu. Za chipatala panalibe anazitchula. Amayi anawapeza olakwa potcheza mowa woletsedwa, n'kuwalamula kundende, mwana ali kumsana. Msilikali akuwatulutsa, amayi anadutsa pafupi ndi ine. Ndinkadikira mbama, ndipo ndinkaifuna. Iwo anangoti, "Petulo, mbuzi uzizimangirira pamthunzi."

Anabwerako mvula itagwa n'kutha, ali ndi chifuwa, kumsana kulibe kanthu. Rozina anatsala kumeneko, ndipo manda ake sindiwadziwa. Amayi sananditchulirepo za tsiku lija mpaka imfa yawo. Abambo anamwabe, mpaka mowa unawamaliza.

Sukulu ndinaiyamba ndevu zitamera, nditakhala pansi pamodzi ndi tiana. Kumeneko n'kumene ndinamva kuti kuli anthu otchedwa maloya, olankhulira munthu m'khoti. Nthawi imeneyo anali a azungu ndi amwenye a m'tauni. Ndakhala ndikuganiza zimene munthu mmodzi wotere akanachita. Akanaimirira n'kunena kuti mlandu uli pano ndi wa moto, mwanayu musamufunse zina. Akanaumiriza womasulira kunena mawu onse a amayi. Akanauza woweruza kuti chikoti chimang'amba msana koma sichifika pamene pali ludzu. Khoti lija linali ndi mphamvu yotsekera munthu. Likanatsekera wodwala pamalo pochirira. Linasankha kutsekera yekhayo amene ankatidyetsa, n'kugwiritsa ntchito pakamwa pa mwana wake.

Zinthu zasinthako, sindikana. Chaka chatha ndinaperekeza mnansi wanga kukhoti, mdzukulu wake atagwidwa ndi chamba. Panaimirira loya, mtsikana wamng'ono ndithu, n'kupempha kuti mnyamatayo apite kuchipatala ndi kwa alangizi, azibweranso kudzaonekera kuti khoti lione mmene akuchirira. Woweruza anamvetsera mpaka mawu omaliza, n'kuvomera. Mnansi wanga analira ndi chimwemwe. Ine ndinakhala kumbuyo ukali utandigwira, chifukwa mawu a loya uja anali omwe aja amayi ananena atagwada, opanda sukulu, opanda womvera. Ndipo ndikudziwa kuti anyamata ambiri sapeza wowalankhulira wotere. Amalowa ndi ludzu lawo, n'kutuluka nalo litakula.

Tsiku la mlandu wa moto lija tinabwerera awiri, abambo patsogolo, malaya atamatirira m'mabala a zikoti. Kutacha ndinawapeza pakhonde akunjenjemera thupi lonse, mano akugundana, akuloza padenga. Anandigwira mkono n'kunena, "Mwanawe, pang'ono pokha. Ndikufa." Kenako ndinagwira tambala wa amayi, n'kumumanga miyendo ndi luzi, n'kuwoloka Rivirivi kukawasinthira kachasu kutsidya.