Makalata Oduka Pakati

Ndinaganiza zochoka tsiku limene abwana a kunyuzipepala kumene ndinkagwira ntchito anatiuza kuti malipiro a miyezi itatu tingowaiwala. Ndinakwera minibasi ku City Centre mpaka kwathu ku Area 15, n'kukawauza adada kuti ndivomera ntchito yosamala okalamba ku Dublin. Adada anakalambira m'maofesi a boma, ndipo ankayankhula mwachidule ngati akusayina kalata. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nati, “Ndinakuphunzitsa kulemba, Tiwonge, osati kusintha matewera a azungu.” Ku eyapoti sanandiperekeze. Amama anali atamwalira kale, choncho panalibe wotiyanjanitsa.

Kuzizira kwa ku Dublin ndinakupirira, koma kusowa wocheza naye kunandidwalitsa. Foni sinkathandiza. Adada ankangofunsa ngati ndili bwino, ndikati eya, iwo n'kuti tisawononge mayunitsi. Ndiye ndinayamba kulemba kalata ya pa intaneti, yaulere, yopita Lachisanu lililonse pa imelo ya aliyense wolembetsa. Ndinkalembamo zonse: gogo wina amene ankandiitana ndi dzina la mwana wake womwalira, kupukwa kwanga phokoso la mu Msika wa Tsoka, manyazi anga pa ntchito ija. Zimene zinkandikanika pa foni zinkatulukira mmenemo.

Anthu anaikonda, makamaka Amalawi anzanga okhala kunja. Patatha zaka ziwiri msana unayamba kundivuta chifukwa chonyamula odwala, lendi inakwera, ndipo kalatayo inkandidyera tsiku limodzi lokhalo lopuma. Ndinaganiza zoti anthu azilipira. Mpaka lero sindinganene kuti ndinabera munthu, thukuta linali langa. Ndinakonza kuti wosalipira azilandira ndime ziwiri zoyamba zokha, kenako mzere womuuza kuti alipire ngati akufuna kupitiriza. Kulipira kwake kunali kwa khadi la kubanki lotha kugula zinthu kunja. Sindinadzifunse n'komwe kuti ku Lilongwe ndi angati ali ndi khadi lotere.

Ena ananditukwana, ena analipira, ndipo ndinachepetsako masiku onyamula odwala. Madandaulo anachuluka moti ndinakonza yankho limodzi lomangotumizira aliyense. Ndimakumbukira imelo ina yochokera ku kashopu kosindikiza mapepala ku Old Town. Inali ya Chizungu chakale cha mu ofesi, yofunsa mwaulemu ngati munthu wopuma ntchito angalipire pa foni, m'makwacha. Ndinali m'basi, nditatopa kwambiri. Ndinatumiza yankho langa lija: pepani, pakadali pano sizingatheke, zikomo pomvetsa.

Adada anamwalira chaka chotsatira. Tikiti inavuta, ndipo ndinafika atawaika kale kumudzi ku Rumphi. Ntchito imene inanditsalira inali yolongedza katundu m'nyumba ya ku Area 15. Mu kabati yawo, pansi pa masuti, ndinapeza fayilo yabuluu yomanga ndi chingwe, pachikuto atalemba dzina langa lonse.

Munali makalata anga, osindikizidwa, oboola bwinobwino, iliyonse ili ndi nambala yake pakona. Anali atawachonga ndi bolopeni yofiira, nkhalamba yosasintha ija. Penapake analemba kuti ndime yatalika, penapake kuti ndabwereza mawu. Pa kalata ya gogo uja analembapo kuti, “Wachita bwino.” Mawu amenewo sanandiuzepo ndi pakamwa.

Pa malisiti a m'fayilomo panali chidindo cha kashopu kaja, ndiye ndinapitako. Mwini wake, a Nachisale, anandizindikira ndisanadzitchule, ati nkhope ndi ya adada. Anandifotokozera kuti adada analibe imelo, choncho analembetsa ya shopuyo. Loweruka lililonse m'mawa ankatsika minibasi atavala tayi, kusindikiza kalata, n'kukhala pabenchi kuiwerenga yonse asananyamuke. Kalata itayamba kubwera yoduka, anayesa khadi lawo lolandirira penshoni koma linakana. Imelo ya Chizungu ija analembetsa ndi adada, ataimirira kumbuyo kwa a Nachisale. Yankho litabwera, a Nachisale anawauza kuti angondiimbira foni, pajatu mwana ndi wawo.

“Anakana,” anatero a Nachisale. “Akuti mwanayo ali pa ntchito yake, sindingamupemphe zaulere. Komanso akadziwa kuti ndimawerenga, asiya kulemba zoona.”

Ndinafunsa ngati anasiya kubwera. A Nachisale anapukusa mutu. Adada anabwerabe mpaka miyendo inawakana, kulipira kusindikiza ndime ziwiri zija, n'kuziwerenga pabenchi pomwepo. Ndinakhala pa benchilo, ndipo ndinalira anthu akudutsa ndi katundu wawo. Ine ndinkati ndikulembera kwathu, osadziwa kuti pageti limene ndinaika pankalowa anzanga akunja okhaokha.

Nditabwerera kunyumba ndinatsegula kumapeto kwa fayilo ija. Mapepala ake anali olembedwa theka, kunsi kuli mbee. Yankho langa la m'basi lija linalimo, nalonso lili ndi nambala yake, ndipo pakona analembapo mawu amodzi: “Ndaona.”

Kenako ndinafika pa kalata imene ndinkaiopa, imene ndinalemba za adada. Ndime ziwiri zoyamba zinkanena za kuuma mtima kwawo, za matewera, za kusabwera kwawo ku eyapoti. Mu ndime yachitatu ndi mmene ndinanena kuti ndinawakhululukira kalekale, kuti dzanja langa lolemba ndi lawo, kuti ndimawasowa tsiku lililonse. Ndime imeneyo anaiwerenga anthu a ku London ndi ku Joni amene analipira. Adada analandira ziwiri zoyamba zija, ndi mzere wowauza kuti alipire.

Pa pepala limenelo sanachonge chilichonse. Pansi pa mzerewo analembapo kuti, “Zonsezi n'zoona. Ndidikira zotsalazo.”