Asilikali a Bambo Chimphepo

A Meckson Chimphepo anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Dowa kudzagwira ntchito ya umesenjala m'boma, koma mukawafunsa ntchito yawo ankati ndi mphunzitsi wa kwaya. Sankanama. Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi dzanja lawo ndi limene linkatiimiritsa ndi kutikhazika pansi m'tchalitchi chathu ku Katawa. Ine ndinalowa kwayayo ndi mawu ngati a chule, iwo n'kundisula mpaka anthu anayamba kunditchula kuti Herbert wa besi.

Anali munthu wolota ali maso. Kale ku ofesi ankaperekera tiyi kwa injiniya wina wochokera ku chilumba cha kutali kum'mawa, wopembedza Buda. Bwanayo anawasimbira za mfumu ya kwawo ya makedzana imene inalandidwa mpando ndi m'bale wake, n'kuthawira kutsidya la nyanja. Kumeneko inatumikira mfumu ya eni dziko zaka zambiri, kuimenyera nkhondo, mpaka mfumuyo inaipatsa zombo ndi asilikali kuti ikatenge ufumu wake. A Chimphepo ankaikonda nkhaniyi ngati ya kumtundu kwawo. Nyanja ya mchere sanaionepo, choncho zombozo ankaziona zikuyandama mu nkhungu ya m'mawa, pamwamba pa mitengo ya paini, zikutsetsereka mwakachetechete kulowera kumsika.

Kenaka makutu anayamba kuwataya. Ankayambitsa nyimbo pamwamba penipeni, azimayi n'kumatsalira panjira. Tinang'ung'udza chamumtima chaka chathunthu, ndipo pa chisankho tinaika NyaMhango, mphunzitsi wa pasukulu ya ku Geisha.

"Pumulaniko, a dada. Yewo chomene pa ntchito yonse," anatero mkulu wa mpingo, akuwapatsa bulangete lamphatso.

Bulangetelo analandira ndi manja awiri, koma Lamulungu lotsatira sitinawaone. Anasamukira ku kanyumba kopemphereramo ku Mzilawaingwe, kumene kunkasonkhana asilikali ochokera ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Zomba, anthu osowa nyimbo za kwawo. Anawaphunzitsa zaka zitatu, mvula yowaza ili pamsana. Asilikali sadandaula ndi nyimbo yokwera, amangoikankha. Tsiku lina ndinakumana ndi a Chimphepo pamsewu, ambulera ili m'khwapa pamene mvula ikugwa.

"Herbert mwanawe, mfumu ija inadikira zaka makumi awiri," anatero akuyang'ana kumapiri. "Kwawo anthu ankagona akuyang'ana kunyanja. Inunso ndikudziwa kuti mukundidikira."

Ndinangoti, "Eya, bambo." Pakamwa panga pananditengera mlandu tsiku limenelo.

Lamulo la kwaya yathu limati aliyense amene wabwera kudzaphunzira nyimbo Lachitatu kanayi motsatizana ali ndi ufulu wosankha nawo. Kutatsala mwezi kuti tisankhenso, a Chimphepo anatulukira ndi amuna khumi ndi anayi ovala zawamba, nsapato zili phuliphuli. Ife tinasangalala, poti mbali ya amuna inali itawonda. Wina mpaka anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Palibe amene anaganiza zowerenga mitu.

Kwathu timasankha poima pamzere. Opikisana amayang'ana kukhoma, anthu n'kumandanda kumbuyo kwawo, ndipo saloledwa kucheuka mpaka kuwerenga kutatha. A Chimphepo anaima atatsinzina, akumwetulira. Ndikhulupirira kuti mgugu wa mapazi kumbuyoko ankaumva ngati khamu lothamangira kudoko kukalandira mfumu yawo.

"NyaMhango, twelofu. A Chimphepo, fotini," anatero mkulu wa mpingo. "Mukhoza kucheuka."

Anacheuka manja ali otambasula. Kumbuyo kwawo kunali asilikali okhaokha, ataima njo. Ife tonse amene anatiphunzitsa kupuma pakati pa nyimbo tinali mumzere winawo, ine wachitatu. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndinazolika, ndipo manyazi a tsiku limenelo sanandichoke mpaka lero. Ndinkawakonda bambo aja, koma nyimbo ndinkaikondanso.

Asilikali anawagwira chanza mmodzimmodzi, nabwerera ku ntchito yawo. Sanabwerenso.

Lachitatu lotsatira tinabwera tonse, palibe amene ananyanyala. NyaMhango anakhala pa benchi yachiwiri pakati pa azimayi anzake. A Chimphepo anaima kutsogolo atavala jekete lawo la pa Khirisimasi, nakweza dzanja, nayambitsa nyimbo pamwamba pomwe paja. Palibe amene akanaifikira. Kenaka NyaMhango anang'ung'uza motsitsa mawu oyenera, chala chikugogoda pabenchi, ife n'kumutsatira. Sitinapangane. Nyimboyo inatuluka yokoma kuposa masiku onse, ndipo dzanja la a Chimphepo linkayenda palokha m'mwamba, pena kutsogola, pena kutsalira. Makutu anali atatha, koma maso anali akadali akuthwa, ndipo anaona kumene tonse tinkayang'ana.

Titamaliza anatsitsa dzanja.

"Mwaimba bwino, ana anga," anatero. "Tabwerezani."

Anapisa manja onse awiri m'matumba a jekete. Tinaimba ndime zonse zinayi osaphonya, iwo ataima pomwepo, akutiyang'ana pakamwa.