Chingwe cha Eni Ake

Ndikukumbukira fungo la utuchi losakanikirana ndi la dizilo, chifukwa ndi mmene inkanunkhira ofesi ya pamishoni yathu, kuseri kwa mapiri a ku Mphunzi. Mbali ina kunali shedi ya ababa, a Gervazio, amene anali kalipentala wa pamenepo. Mbali inayo kunali chigayo. Pakatipo, patebulo limene ababa anakhoma okha, panali kompyuta yoyamba imene maso angawa anaona. Ndinali mtsikana wa Sitandade 7, m'zaka zija munthu popita kumsika wa Mayani ankayamba wapapasa khadi la chipani m'thumba asanapapase china chilichonse.

Mwini kompyutayo anali wansembe wachizungu amene tonse tinkawatchula kuti Bambo Kanjinga, chifukwa cha kanjinga kawo kamoto komwe kankamveka kali kutsidya la dambo. Patchuthi chachikulu ine ndinkapititsira ababa chakudya chamasana, mbatatesi yophika ndi kamchere m'pepala. Tsiku lina Bambo Kanjinga anandipeza ndikusuzumira pazenera, m'malo mondithamangitsa anandiitana. Anati m'makinamo muli masewera, ndipo ngati ndikufuna kuti Chingerezi changa chiwongoke, ndizibwera. Anandipatsa buku lomasulira mawu lothothoka chikuto, nandionetsa polemba, basi iwo uyo pakanjinga kawo.

Masewerawo anali a kamunthu ka chipewa chofiira kamene kankafunafuna mlongo wake wotsekeredwa pamwamba pa nsanja. Kuti kachite kanthu, unkayenera kukalembera: tsegula chitseko, tola mwala, funsa nkhalamba njira. Magetsi ankachokera ku injini ya chigayo, ndiye tinkasewera chigayo chikamalira. Chimanga cha azimayi chikatha pamzere, injini inkatsokomola kawiri, galasi la kompyuta n'kuda bii, kamunthu kathu n'kutsala pomwe tinakasunga komaliza.

Ndikuti "tinkasewera" chifukwa ababa sanachedwe kulowamo. Poyamba ankangoima pakhomo akutafuna mbatatesi, n'kumati izi n'zachibwana. Tsiku lachitatu anandiona ndikuzungulira m'nkhalango imodzimodzi kachisanu, ndipo anapukusa mutu. Anati mwana wobadwira m'mapiri sasochera chonchi, ukuchititsa manyazi mtundu. Anatuluka, nabwera ndi chidutswa cha thabwa chopala bwino, nachotsa pensulo yawo kukhutu. Chingerezi sankachidziwa, mwina mawu asanu okha, koma njira ankaidziwa. Ine ndikamasulira zomwe zalembedwa, iwo ankajambula: apa mtengo wokhota, apa chitsime, apa mlatho wothyoka. Sankaiwala kanthu. Ankatha kundiuza kuti galu tinakumana naye Lachiwiri uja anali ndi njala, ndiye fupa tatolali ndi lake. Ndipo zinkakhaladi choncho. Kunena zoona, ndinkawanyadira kwambiri, ngakhale sindinawauzepo.

Chakumayambiriro kwa ulendowo, m'mphepete mwa nkhalango, kunali kanyumba ka munthu wodula mitengo. Chitseko chinali chotsegula, mwini wake kulibe. Pakhoma panapachikidwa chingwe chokulunga bwinobwino. Ine ndinayamba kulemba kuti kamunthu katenge chingwecho, koma ababa anandigwira dzanja.

"Wapanga odi?"

Ndinaseka. Iwo sanaseke. Ndinalemba kuti kagogode, ndipo makina anayankha kuti palibe wayankha.

"Ndiye ukutenga cha yani? Tiye tizipita."

Ndinawauza kuti awa ndi masewera chabe, m'kanyumbamo simukhala munthu weniweni. Anati akudziwa bwino lomwe, iwo si mwana. Koma dzanja likulembali ndi lenileni, ndipo ndi la mwana wawo. Tinatuluka m'kanyumbamo chimanjamanja, iwo n'kujambula kanyumbako pathabwa, ine n'kuiwala za chingwe.

Tinayenda masabata atatu. Tinadutsa m'phanga, tinanyengerera mlonda, tinaoloka nyanja pabwato lomwe linamira titangotsika. Tsiku lina m'mawa wozizira, nkhungu ili mbuu mpaka pamawindo, tinafika patsinde pa nsanja. Pamwamba, pakazenera, panaoneka kamutu ka mlongo uja. Pansi pa zeneralo panali chitsulo chokowera. Chitseko panalibe, makwerero panalibe.

Abale, tinavutika! Ndinalemba kuti kakwere, makina anati khoma ndi loterera. Kalumphe, anati n'patali. Kafuule, kanafuuladi, mlongoyo n'kungobayibitsa dzanja. Ababa anati tidule mitengo tikhome makwerero, ntchito ya theka la tsiku imeneyo, koma makina anati sakumva zomwe tikunena. Ababa anakwiya nawo ngati mmene ankakwiyira ndi thabwa laliwisi. Masiku anayi tinaima pansi pa nsanja ija. Ine ndinkati ndikamatunga madzi kapena kupalira mbatatesi, m'mutu muli kamutu kaja pazenera.

Lachiwiri lotsatira Bambo Kanjinga anabwera kuchokera kutauni nkhope ili yogwa. Anali atauzidwa kuti asamuke, achoke Loweruka lomwelo, katundu yense ndi kompyuta yomwe. Chifukwa chake sitinachimve, ndipo masiku amenewo akuluakulu sankafunsa zoterozo mokweza. Koma atationa tili pansi pa nsanja, nkhope yawo inamasuka pang'ono. Anati tafika kumapeto kwenikweni, tingoponya chingwe pachitsulopo, basi.

Ndinafunsa kuti chingwe chiti. Anati chija cha m'kanyumba ka wodula mitengo. Nditawafotokozera chifukwa chomwe tinachisiyira, anayamba kuseka mpaka kukhala pampando wa ababa wosamaliza kukhoma. Anati m'masewera amenewa munthu umatenga chilichonse chomwe dzanja lingathe kunyamula, ndi mmene anawapangira. Ndipo kubwerera sikukanatheka, poti bwato linamira. Njira inali imodzi: kuyambiranso pachiyambi.

Ndinalira, osati pang'ono. Ndinawauza ababa, pamaso pa wansembe, kuti ndi iwo atilakwitsa. Mwana wamkazi kuyankhula choncho kwa bambo ake, kwathu kuno! Ndinkadikira khofi. Iwo anangoyang'ana thabwa lawo, kenaka anawerenga ndi chala malo onse omwe tinadutsa. Anati ulendo wa masabata atatu unatalika chifukwa tinkasochera. Munthu wodziwa njira angauyende masiku atatu.

Vuto linali chigayo, chomwe chinkazima dzuwa likangopendeka. Woyendetsa chigayo sakanawotcha dizilo popanda chimanga. Ndiye ababa, munthu amene sankapempha kanthu kwa wina aliyense, anayenda khomo ndi khomo m'mudzi mwathu kuuza amayi kuti amene ali ndi chogayitsa sabata ino abwere masana, osati m'mawa. Sindikudziwa kuti anawauza chiyani. Ndimangokumbukira mzere wa madengu ndi matumba kunja kwa zenera, ndi amayi anga ali pakati pawo akung'ung'udza kuti ufa wa mwezi wathunthu akugayitsa chifukwa cha chidole.

Tinayambiranso Lachitatu. Ababa anaimika thabwa pafupi ndi galasi, n'kumandiuza njira ndisanafunse n'komwe. Posakhalitsa tinafika pakanyumba kaja. Chitseko chotsegula, chingwe pakhoma. Ine zala zinkayabwa, koma sindinayerekeze kulemba. Anandiuza kuti ndigogode. Ndinagogoda. Anati tidikire kaye mwina mwini wake ali pafupi. Tinadikira, injini ikudya dizilo. Sikunabwere munthu.

Pamenepo anandifunsa zomwe kamunthu kanali nazo m'thumba. Ndinati kandulo, fupa, ndi buledi. Anakumbukira kuti ulendo woyamba buledi ameneyo tinangoyenda naye mpaka kunsanja osamugwiritsa ntchito.

"Siya bulediyo patebulo, akabwera adziwe kuti panafika anthu, osati akuba. Chingwecho tabwereka. Tikabweza."

Ndinalemba, ndipo makina anavomera zonse ziwiri.

Lachisanu masana, kunja kutatsala madengu awiri okha, tinaimanso pansi pa nsanja. Ndinalemba molakwitsa kawiri. Kachitatu chingwe chinauluka n'kukola pachitsulo. Kamunthu kanakwera pang'onopang'ono, chipewa chili pamutu, n'kulowa pazenera. Makina anayamba kuimba kanyimbo kake kosamveka bwino, ngati nkhululu zingapo zatsekeredwa m'chitini. Ndinalumpha, ndinavina, ndinagwira ababa m'khosi, zomwe ndinali ndisanachitepo chikulire. Iwo ankamwetulira mano onse panja, utuchi uli m'tsitsi.

Nyimbo itatha anati tsopano ndilembe kuti kamasule chingwe, tikabweze. Ndinayesa. Makina sanalandirenso mawu alionse. Pagalasi panangotsala chithunzi cha awiriwo atagwirana manja, ndi mawu akuti masewera atha. Ndinawamasulira. Anafunsa kuti atha bwanji chingwe cha eni chili lendee pansanja. Ndisanayankhe, injini inatsokomola kawiri, galasi n'kuda.

Madzulo amenewo ababa anadula makhonje kumpanda wa dimba, nakhala pakhonde n'kumapala ulusi wake, kenaka kupota pantchafu. Amayi anafunsa ngati kwabwera mbuzi yatsopano. Iwo anangoti ayi.

Loweruka m'mawa lole inabwera. Anthu anasonkhana kudzatsanzikana ndi Bambo Kanjinga, amayi ena akulira chamumtima. Kompyuta inali m'bokosi lamatabwa lomwe ababa anakhoma. Atalikweza, ababa anakwera okha palolepo ndi chingwe chatsopano cha khonje, choyera, chopota katatu, n'kumanga bokosilo mfundo zawo zija zosamasuka wamba. Dalaivala anati asadandaule, akadzabweranso adzawabweretsera chingwe chawo.

"Ayi, musadzabweze," anatero ababa. "Si changa. Chipite ndi bokosilo, eni ake ali momwemo."

Dalaivala sanamvetse. Ine ndinayang'ana Bambo Kanjinga, ndikuganiza kuti asekanso ngati tsiku lija. Sanaseke. Anavula chipewa chawo, nagwira dzanja la ababa ndi manja awiri, monga timachitira kwathu ndi munthu wamkulu.

Lero pamishoni paja pali magetsi a mawaya, ndipo chigayo chija chinagwa kalekale. Ababa anatisiya. Thabwa lawo lili kwanga, pensulo ikufufutika, koma kanyumba kaja kakuonekabe pakona. Ana anga amasewera pafoni masewera okongola kuposa athu aja, ndipo ndimawaona akulowa m'nyumba za eni, kutsegula mabokosi, kukokolola zonse, foni n'kumawaimbira nyimbo yowayamikira. Sindiwaletsa, ndi mmene anawapangira. Koma tsiku lina mwana wanga wamng'ono anandipatsa foniyo kuti ndiyeseko. Ndinayendetsa kamunthu kake mpaka pakhomo lina lotsegula, n'kuima. Anandifunsa kuti amayi, mwaima chifukwa chiyani, palibe akuletsani. Ndinamuuza kuti andionetse pogogodera.